Manja Atatu M'mwamba: Mmene Nkhani ya Chisinthiko Inasandukira Nsalu ya Chipani ku America

[Pa sikirini: amuna 10 ataima pa nsanja, aliyense kuseri kwa kathebulo kake]

Mwezi ndi Meyi, chaka 2007, malo ndi ku California. Amuna 10 a chipani cha Republican akulimbirana mwayi woimira chipani chawo pa chisankho cha pulezidenti. Ayankha kale za nkhondo ya ku Iraq ndi za misonkho. Kenako wofunsa akuponya funso lina: kodi pano alipo amene sakhulupirira chisinthiko? Manja atatu akukwera m'mwamba. La Sam Brownback, la Mike Huckabee ndi la Tom Tancredo. John McCain, yemwe anadzapambana mpikisanowo, anali atangoyankha kuti iye amakhulupirira chisinthiko, koma anafulumira kuwonjezera kuti akaima pa chigwembe chachikulu cha Grand Canyon dzuwa likulowa amaonaponso dzanja la Mulungu.

Tangoganizani funso limeneli litafunsidwa pa mtsutso wa ofuna upulezidenti kwathu kuno. Anthu akhoza kukuwiza wofunsayo kuti afunse za feteleza. Koma ku America funsoli lili ndi mavoti kumbuyo kwake, ndipo lakhala likukokedwera kukhothi kwa zaka 100.

Tiyambe tamvana mawu. Chisinthiko, chomwe pa Chingerezi amati evolution, ndi kafotokozedwe ka sayansi kakuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri, ndipo zonse zinaphuka pa tsinde limodzi. Charles Darwin ndiye anakayala bwino m'chaka cha 1859. Ambirife tinakamva mwachidule kuti "munthu anachokera kwa nyani", koma asayansi satero. Iwo amati munthu ndi chimpanzi ali ndi kholo limodzi lakalekale. Nyani wa m'phiri uja ndi msuweni, si agogo.

Creationism ndi chikhulupiriro chakuti nkhani ya Genesis inachitika ndendende mmene inalembedwera. Okhwima kwambiri pa gululi amati masiku 6 aja anali a maola 24, ndipo dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000, pomwe asayansi amati lili ndi zaka 4.5 biliyoni. Intelligent design ndi mng'ono wake wobadwa mochedwa. Tifika kwa iyeyo. Ndipo tikamati ma conservative tikunena anthu okonda kusunga mwambo, banja, chipembedzo, komanso osafuna kuti boma lizilowerera paliponse. Masiku ano ambiri mwa iwo amavotera Republican.

Ndati masiku ano dala. Mvetserani chifukwa chake.

[Pa sikirini: chithunzi chakale cha khamu la anthu panja pa khothi ku Dayton]

M'mwezi wa Malichi 1925, chigawo cha Tennessee chinakhazikitsa lamulo loletsa aphunzitsi a sukulu za boma kuphunzitsa kuti munthu anachokera ku nyama. Bungwe loona za ufulu la ACLU linalengeza m'nyuzipepala kuti lidzaimira mphunzitsi aliyense wolimba mtima kuswa lamulolo. Amalonda a m'katauni ka Dayton, komwe malonda anali atazilala, anaona mwayi wokopa alendo. Anaitana mnyamata wa zaka 24, John Scopes, n'kumupempha kuti avomere kuzengedwa mlandu. Anavomera. Mu Julayi, Dayton inadzaza atolankhani, alaliki, ogulitsa zidole za anyani, ndipo mlanduwo unaulutsidwa pa wailesi mpaka ku Chicago.

Loya wa Scopes anali Clarence Darrow, munthu wokayikira za Mulungu poyera. Mbali ya boma inali ndi William Jennings Bryan. Tsono Bryan ameneyu sanali wa Republican. Anali wa Democrat, ndipo anaimira chipanicho katatu pa chisankho cha pulezidenti, mu 1896, 1900 ndi 1908. Anali mnzawo wa alimi osauka, mdani wa mabanki akuluakulu, ndipo anamenyera nawo nkhondo yoti amayi azivota. Chimene chinkamuopsa pa chiphunzitso cha Darwin chinali ganizo lakuti wamphamvu ndiye woyenera kupulumuka, lomwe anthu ena olemera ankalitembenuza kukhala chilolezo chopondereza ofooka. Ankakhulupirira kuti ganizo lomwelo linathandiza kukolezera nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku Germany. Ndipo tinene zoona, buku la bayoloje lomwe linali pakati pa mlanduwo linali ndi zonyansa zake. Linkasanja mitundu ya anthu, azungu pamwamba, komanso linkalimbikitsa kuti anthu ena asamaloledwe kubereka. Ife anthu akuda tikanaliwerenga sitikanaombera m'manja.

Bryan anali ndi mfundo ina imene sinafe mpaka lero. Ankati dzanja lolipira mphunzitsi ndilo liyenera kulamula sukulu. Makolo ndiwo amapereka msonkho, ana ndi awo, nanga bwanji katswiri wochokera kutali aziwauza zoti anawo amve? Igwireni mfundo imeneyi, chifukwa mkangano wonsewu wakhazikika pamenepo.

Scopes anapezeka wolakwa ndipo anamulipiritsa madola 100. Bryan anamwalira ku Dayton komweko patangotha masiku 5. Khothi lalikulu la Tennessee linadzafafaniza chilangocho pa chifukwa chaching'ono cha kayendetsedwe ka mlandu, koma lamulolo linakhalapobe mpaka 1967. Chotsalira chachikulu chinali chilonda. Mtolankhani H. L. Mencken ndi anzake analemba za anthu a kumudziwo ngati mbuli zenizeni, ndipo dziko lonse linaseka. Munthu amene wasekedwa ndi a m'tauni saiwala msanga. Osindikiza mabuku nawo anachita mantha, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 mabuku ambiri a sukulu ankangozemba mutu wa chisinthiko.

Chinasintha zinthu ndi mantha a mtundu wina. Mu 1957 dziko la Soviet Union linaponya setilaiti yotchedwa Sputnik m'mlengalenga, America n'kudzidzimuka kuti yatsalira pa sayansi. Boma linathira ndalama m'mabuku atsopano, ndipo chisinthiko chinabwerera pakati pa bayoloje. Mu 1968, mphunzitsi wa ku Little Rock, Susan Epperson, anapambana ku Khothi Lalikulu la dzikolo: chigawo sichingaletse chisinthiko pofuna kukondweretsa chipembedzo.

Apa mufunika kudziwa zinthu ziwiri za America. Choyamba, malamulo aakulu a dzikolo amaletsa boma kukhazikitsa kapena kukondera chipembedzo, choncho sukulu ya boma siingaphunzitse chikhulupiriro cha mpingo ngati choonadi. Chachiwiri, kulibe silabasi imodzi ya dziko lonse. Ku Malawi silabasi imakonzedwa ku Domasi, mayeso n'kuchokera ku MANEB, basi. Kumeneko kuli zigawo 50 ndi makomiti a sukulu oposa 13,000, ambiri osankhidwa ndi mavoti. Anthu ochepa okangalika akhoza kulanda komiti ya m'dera lawo n'kusintha zimene ana akuphunzira.

Khomo loletsa litatsekedwa, anayesa khomo lina. Anati chabwino, phunzitsani chisinthiko, koma mupatsenso nthawi yofanana "sayansi ya chilengedwe". Mtsogoleri wa ganizoli anali Henry Morris, injiniya wa zamadzi, yemwe kuyambira 1961 ankaphunzitsa kuti miyala ndi mafupa akale onse ndi zotsalira za chigumula cha Nowa. Nthawi yomweyi ndi imene Akhristu a chievangeliko anayamba kusamukira ku Republican mwaunyinji, atakwiya ndi zigamulo zochotsa mapemphero m'sukulu ndi zololeza kuchotsa mimba. Jerry Falwell anayambitsa gulu la Moral Majority mu 1979. Chaka chotsatira, Ronald Reagan akuchita kampeni ku Dallas, anati chisinthiko ndi theory chabe, ndipo ngati chikuphunzitsidwa, nkhani ya m'Baibulo iphunzitsidwenso.

Liwu limenelo la theory lasokoneza anthu ambiri. Pocheza, limatanthauza kungoganizira. Mu sayansi limatanthauza kafotokozedwe kamene kayesedwa kambirimbiri n'kupirira. Mfundo yakuti majeremusi amayambitsa matenda nayo imatchedwa theory, koma palibe amene amakana kusamba m'manja chifukwa cha zimenezo.

Arkansas ndi Louisiana anakhazikitsa malamulo a nthawi yofanana mu 1981. La Arkansas linagwa mu 1982, ndipo ena mwa odandaula anali abusa ndi mabishopu a Methodist, Episcopal ndi Katolika, omwe sanafune kuti boma lisankhe kawerengedwe kamodzi ka Genesis. La Louisiana linagwa ku Khothi Lalikulu mu 1987, majaji 7 kutsutsana ndi 2. Mmodzi mwa awiriwo anali Antonin Scalia, jaji wokondedwa kwambiri ndi ma conservative.

[Pa sikirini: msampha wa makoswe, kenako chithunzi cha bakiteriya wokhala ndi kamchira]

Tsopano mng'ono uja. Intelligent design satchula Genesis, satchula Nowa, satchula ngakhale Mulungu. Amangoti zinthu zina m'chilengedwe n'zolukanalukana moti sizikanatheka popanda wanzeru wina wozikonza. Ganizoli si lachilendo. Mbusa wa ku England, William Paley, ananena mu 1802 kuti ukatola wotchi m'tchire umadziwa kuti pali anaipanga. Amene analidzutsa ndi Phillip Johnson, mphunzitsi wa zamalamulo ku Berkeley, Michael Behe wa pa yunivesite ya Lehigh, ndi bungwe la Discovery Institute la ku Seattle.

Behe ankapereka chitsanzo cha msampha wa makoswe. Kwa ife tinene diwa. Chotsani mwala, kapena kamtengo, kapena chingwe, diwa silingagwire mbewa. Ndiye iye amati kamchira kozungulira ka bakiteriya kali chimodzimodzi: ziwalo zake zonse ziyenera kukhalapo nthawi imodzi, choncho sikakanakula pang'onopang'ono. Mfundoyi imakoma m'khutu, ndivomereze. Asayansi anzake anayankha kuti chiwalo chikhoza kuyamba ndi ntchito ina n'kudzabwerekedwa pambuyo pake, monga mwala wa diwa ungakhale unali mphero. Ndipo anasonyeza kuti mbali ina ya kamchirako imafanana ndi kachida komwe mabakiteriya ena amabayira poizoni m'maselo. Mu 1999 panatulukanso chikalata cha mkati mwa Discovery Institute, chotchedwa Wedge, chomwe chinanena poyera kuti cholinga ndi kugonjetsa kaganizidwe kakuti zonse ndi zinthu zogwirika basi, n'kuikapo sayansi yogwirizana ndi Chikhristu.

Andale anakwera nawo basiyo. Senator Rick Santorum anayesa kulowetsa mawu ake m'lamulo la maphunziro mu 2001. Komiti ya maphunziro ya ku Kansas inafooketsa chisinthiko mu 1999, ina n'kuchibwezera mu 2001, ina n'kuchigwedezanso mu 2005, ina n'kuchibwezeranso mu 2007, malinga ndi amene wapambana chisankho. Mu Ogasiti 2005, Pulezidenti George W. Bush anauza atolankhani kuti mbali zonse ziwiri ziyenera kuphunzitsidwa.

Zonse zinakathera ku Dover, katauni ka ku Pennsylvania. Mu Okutobala 2004 komiti ya sukulu kumeneko inalamula kuti ana a kalasi ya bayoloje aziwerengeredwa chiganizo chakuti chiphunzitso cha Darwin chili ndi mipata, ndipo aziuzidwa za buku lina la intelligent design la m'laibulale. Aphunzitsi a sayansi anakana kuwerenga, moti akuluakulu a sukulu anachita kulowa okha m'kalasi. Makolo 11 anakasuma. Ochirikiza komitiyo anali ndi chifukwa chomwetulira, chifukwa jaji wake, John Jones, anali wa Republican, wopemphera ku Lutheran, ndipo anaikidwa pa mpando ndi Bush yemweyo.

Walira mvula walira matope. Maloya anaitanitsa zolemba zakale za buku lija lisanasindikizidwe, ndipo katswiri wina, Barbara Forrest, anazifufuza tsamba ndi tsamba. Zolembedwa chigamulo cha 1987 chisanaperekedwe zinkati creation paliponse. Za pambuyo pake zinkati intelligent design, ziganizo zili zomwezo. Pamalo pena wosinthayo anachita changu, mawu atsopano akuti design proponents n'kulowa pakati pa akale akuti creationists, pakutuluka chinthu chakuti "cdesign proponentsists". Asayansi anaseka mpaka misozi, amvekere: mumafuna cholengedwa chapakatikati chosonyeza mtundu wina ukusanduka wina, si ichi. Mboni ina yaikulu ya makolowo inali Kenneth Miller wa pa yunivesite ya Brown, Mkatolika wopita ku Misa.

Pa 20 Disembala 2005, Jones anatulutsa chigamulo cha masamba 139. Anati intelligent design si sayansi, ndi creationism yomwe yasintha malaya, ndipo ena a m'komitimo ananama atalumbira. Anthu a ku Dover, dera lokonda Republican, anali atawachotsa kale pa mavoti mamembala 8 a komitiyo mwezi wa Novembala. Mlaliki wa pa TV, Pat Robertson, anawachenjeza kuti tsoka likadzawagwera asadzathamangire kwa Mulungu. Sukuluzo zinatsala ndi ngongole ya madola 1 miliyoni.

Mukuona tsono kuti kunena kuti ma conservative onse amadana ndi Darwin n'kulakwitsa. Olemba otchuka a mbali imeneyo, George Will ndi Charles Krauthammer, anadzudzula intelligent design mosapsatira, poopa kuti ichititsa manyazi gulu lonse. Pulofesa Larry Arnhart amafika ponena kuti Darwin ndi bwenzi la ma conservative, chifukwa amasonyeza kuti munthu ali ndi chibadwa chimene boma silingachiumbe mmene lifunira. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga majini onse a munthu, ndi Mkhristu wa chievangeliko ndipo amavomereza chisinthiko. Mpingo wa Katolika unatsegula khomo mu 1950, ndipo Papa John Paul II anati mu 1996 chisinthiko chapitirira pa kungoganizira. Ku Britain, boma lotsogoleredwa ndi chipani cha Conservative ndi limene mu 2014 linaletsa sukulu za ku England zolandira ndalama za boma kuphunzitsa creationism ngati sayansi.

Mbali inayo ilinso ndi mphamvu zake. Ken Ham, wochokera ku Australia, anatsegula Creation Museum ku Kentucky mu 2007, ndipo mu 2016 anamanga chingalawa cha Nowa chotalika mamita 155, muli ndi zifanizo za ma dinosaur m'makola. Mmodzi mwa maloya amene anathandiza chingalawacho pa mlandu wa misonkho ndi Mike Johnson, yemwe mu 2023 anakhala sipikala wa nyumba ya malamulo. Mfundo ya Ham ndi yosavuta kumva: popanda Adamu weniweni palibe kugwa, popanda kugwa mtanda ulibe ntchito. Kwa munthu wokhulupirira zimenezi, kalasi ya bayoloje ikukhudza chipulumutso cha mwana wake. Ndipo anthu ngati Richard Dawkins, wasayansi wosakhulupirira Mulungu, akamalalikira kuti Darwin anachotsa kufunika kwa Mulungu, amakhala akumusonkhezera moto Ham yemweyo.

Nanga anthu wamba? Bungwe la Gallup lakhala likufunsa funso limodzi kuyambira 1982. Chaka chimenecho, anthu 44 pa 100 alionse anati Mulungu analenga munthu mmene alilimu zaka zosaposa 10,000 zapitazo. Mu 2024 anali 37. Mu 2012, a Republican otero anali 58 pa 100, koma a Democrat nawo anali 41, nambala yomwe anthu amakonda kuiiwala. Bungwe la Pew linapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri. Likafunsa kaye kuti "chisinthiko, inde kapena ayi", anthu 31 pa 100 ankakana. Likapereka nthawi yomweyo yankho lakuti chisinthiko chinachitika motsogoleredwa ndi Mulungu, okana ankatsika kufika 18. Anthu ambiri sakukana mafupa ndi majini ayi. Akukana kuoneka ngati ataya Mulungu wawo. Pew yomweyo inapeza kuti a Republican ovomereza chisinthiko anatsika kuchoka pa 54 mu 2009 kufika pa 43 mu 2013. M'zaka zinayi zimenezo palibe fupa limene linafukulidwa lotsutsa Darwin. Ine ndimaona kuti yankho la funsoli linasanduka nsalu ya chipani, yovala kuti anthu adziwe kumene waima.

N'chifukwa chake andale a Republican amavina mozungulira. Rick Perry mu 2011 anauza kamnyamata kuti chisinthiko ndi theory yokhala ndi mipata. Jon Huntsman analemba pa Twitter kuti iye amachikhulupirira, anthu amutche wamisala ngati akufuna, ndipo kampeni yake siinapite patali. Marco Rubio atafunsidwa zaka za dziko mu 2012 anati iye si wasayansi. Scott Walker atafunsidwa ku London mu 2015 anangokana kuyankha. Mapanga awiri avumbwitsa, koma pa ndale za kumeneko kusankha phanga limodzi kumavumbwitsanso.

Dover itapita, malaya anasinthidwanso. Tsopano mawu ake ndi "ufulu wa mphunzitsi" wokambirana mphamvu ndi zofooka za chisinthiko. Louisiana inakhazikitsa lamulo lotero mu 2008, losainidwa ndi bwanamkubwa Bobby Jindal, amene anaphunzira bayoloje ku Brown. Tennessee inatsatira mu 2012. Malamulowa satchula Mlengi, choncho n'ngovuta kuwagwetsa. Ndipo nkhondo yeniyeni imachitika mwakachetechete. Kafukufuku wa Michael Berkman ndi Eric Plutzer pa aphunzitsi a bayoloje oposa 900 mu 2007 anapeza kuti 28 pa 100 okha ndiwo ankaphunzitsa chisinthiko mosabisa, 13 ankalimbikitsa creationism, ndipo otsala pafupifupi 60 ankangodutsa mothamanga poopa makolo.

Dandaulo la kholo lofuna kumvedwa ine ndimalimvetsa. Kumene ndimasiyana nalo ndi pa mankhwala ake. Mavoti a komiti angasankhe nthawi yoyambira sukulu, koma sangasankhe zaka za mwala. Ndipo ife phunziroli taliona ndi maso. Malawi anasiya chloroquine mu 1993, kenako Fansidar n'kulowedwa m'malo ndi LA mu 2007, chifukwa tizilombo ta malungo tomwe tinapirira mankhwala ndi timene tinaswana. Asayansi a dziko lonse amabwera kudzaphunzira mbuna za m'nyanja ya Malawi, mitundu mazanamazana yochokera ku makolo ochepa. Ku Uraha m'boma la Karonga kunapezeka mu 1991 nsagwada ya munthu wakale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ndipo chigaza cha mwana wa ku Taung ku South Africa chinalengezedwa mu Febuluwale 1925, mwezi umodzi lamulo la Tennessee lisanasainidwe.

[Pa sikirini: khothi la ku Dayton lero, ziboliboli ziwiri pa kapinga]

Ku Dayton khothi lija likadalipo. Panja pake pali chiboliboli cha Bryan, choimikidwa mu 2005, ndipo mu 2017 anaimikapo cha Darrow mbali inayo. M'tauni momwemo muli koleji ya Chikhristu yotchedwa dzina la Bryan, yomwe mu 2014 inalamula aphunzitsi ake kusainira kuti Adamu ndi Hava sanachokere ku chamoyo china chilichonse, ena mwa iwo n'kuchoka. Scopes mwiniwakeyo anadzaulula kuti sankakumbukira n'komwe ngati anaphunzitsadi chisinthiko. Ntchito yake inali masamu, fizikisi ndi kuphunzitsa mpira, ndipo m'kalasi ya bayoloje anangogwirizira mnzake wodwala. Mlandu utatha anasiya uphunzitsi, anakaphunzira za miyala ku Chicago, n'kukagwira ntchito m'makampani a mafuta ku Venezuela ndi ku Louisiana mpaka kupuma.